Alberta Hunter, woimba amene anasiya siteji n'kuvala yunifomu ya unamwino zaka 20

Mu 1977 akuluakulu a chipatala cha Goldwater Memorial mumzinda wa New York anauza namwino wina kuti nthawi yake yopuma pantchito yakwana. M'mabuku mwawo munalembedwa kuti mayiyo wafika zaka 70, ndipo malamulo a pamalopo sankalola munthu kupitirira pamenepo. Mayiyo zinamuwawa, chifukwa ntchitoyo ankaikonda ndi mtima wonse. Chimene akuluakuluwo sankadziwa n'chakuti zaka zake zenizeni zinali 82. Polowa sukulu ya unamwino anachotsera dala zaka 12, kuopa kuti angamukane. Ndipo ambiri mwa amene ankagwira naye ntchito m'mawodi sankadziwanso kuti namwino wamfupi, wodekha uja anaimbapo limodzi ndi Louis Armstrong, anasewerapo pa siteji yaikulu ku London, ndipo ndi iye amene anapeka nyimbo imene inatchukitsa Bessie Smith.

Dzina lake ndi Alberta Hunter. Anthu akamakamba za iye amathamangira kumapeto, kwa gogo amene anabwereranso kukaimba ali ndi zaka 82. Kumeneko n'kokoma ndithu, ndipo tifikako. Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi pakati pa nkhaniyi: mmene nyimbo za akuda a ku America zinkalemeretsera ena, ndi mmene mayi mmodzi anaphunzirira msanga kuti siteji si yoidalira.

Alberta anabadwa pa 1 Epulo 1895 ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee. Ukapolo unali utatha zaka 30 zokha m'mbuyomo, ndipo m'zigawo za kummwera kwa America munali malamulo atsankho otchedwa Jim Crow: sukulu zosiyana, mipando ya m'sitima yosiyana, ngakhale pomwera madzi posiyana. Bambo ake, Charles Hunter, ankagwira ntchito yotumikira apaulendo m'sitima za kampani ya Pullman, koma anasiya banja mwanayo akadali wamng'ono. Mayi ake, Laura, ankagwira ntchito yochapa ndi kusesa m'nyumba ya mahule kuti ana adye. Memphis yemweyo ndi mzinda wa msewu wa Beale Street, kumene wopeka nyimbo W. C. Handy ankatola maimbidwe a anthu wamba n'kumawalemba papepala. Alberta anakulira m'phokoso limenelo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa mawu akuti blues ndi jazz timawamva pawailesi koma si onse amene amawasiyanitsa. Blues inachokera m'nyimbo za akuda a kummwera: zoimba polima m'minda ya thonje, zoimba kutchalitchi, ndi zodandaula za munthu ali yekha. Kamangidwe kake n'kosavuta kukazindikira. Woimba amatchula mzere umodzi, n'kuubwereza, kenako mzere wachitatu umabwera kudzayankha kapena kudzatembenuza ganizo lonse. Pakati pa mizereyo pamatsala mpata woti gitala, piyano kapena lipenga liyankhe mawu a munthu. Aliyense amene anakhalapo pamtondo kapena pamaliro kwathu kuno, wina akutsogolera nyimbo ena akuvomera, khutu lake silingadabwe nazo. Palinso kakupindika kena ka mawu, kotsika pang'ono pansi pa pamene piyano imalira, kamene kamapangitsa nyimboyo kumveka ngati munthu akulankhula akulira. Jazz inakulira ku New Orleans, ndipo ndi ya mabandi: malipenga, klarineti, piyano, ng'oma, aliyense akupatsidwa danga lopeka zake pompopompo. Blues ili ngati ufa, jazz n'kuphika kwake kumodzi mwa kwambiri. Oimba achikazi a m'zaka za m'ma 1920 ankaima pakati pa ziwirizi: nyimbo zawo zinali za blues, owaimbira zida anali a jazz.

Alberta anachoka kwawo akadali kamtsikana, atamva kuti ku Chicago oimba amalandira madola 10 pa sabata. Sanali yekha panjirayo. Kuyambira m'ma 1910 mpaka cha m'ma 1970, akuda pafupifupi 6 miliyoni anasamuka kummwera kupita kumizinda ya kumpoto ndi kumadzulo, kuthawa tsankho ndi kufunafuna ntchito m'mafakitale. Iye atafika sanapeze siteji. Anapeza mpeni ndi thumba la mbatatesi. Ankasenda mbatatesi ndi kutsuka mbale panyumba ina yogona alendo, malipiro ake madola 6 pa sabata kuphatikiza malo ogona ndi chakudya. Usiku ankavala zomukulitsa n'kumazungulira m'malo omwera mowa kupempha mwayi woimba, ndipo kambiri ankamubweza pakhomo chifukwa cha msinkhu.

Malo oyamba amene anamulandira anali a Dago Frank's, kumene kunkasonkhana mahule, owagulitsa ndi opisa m'matumba. Malowo anatsekedwa mu 1913 munthu ataphedwa mkati. Kuchokera pamenepo anakwera pang'onopang'ono, kalabu ndi kalabu. Atangoyamba kupeza kangachepe anaitanitsa mayi ake ku Memphis kuti adzakhale naye. Mu 1917 analowa ku Dreamland, malo otchuka koposa a akuda ku Chicago, ndipo anakhalako zaka zisanu. M'zaka zimenezo anaimbiridwapo ndi bandi ya King Oliver, katswiri wa lipenga wochokera ku New Orleans amene anadzaitanitsa Louis Armstrong mu 1922. Kunalibe maikolofoni. Woimba ankayenda tebulo ndi tebulo, akuimbira anthu pamaso, mawu ake akulimbana ndi phokoso la mabotolo. Ndi kumeneko kumene Alberta anaphunzira chinthu chimene sanachitaye mpaka kufa: kutchula liwu lililonse momveka, ngati akukuuza nkhani iwe wekha.

Makampani ojambula nyimbo poyamba sankakhulupirira kuti akuda angagule zimbale. Maganizowo anasweka mu Ogasiti 1920 pamene Mamie Smith anajambula Crazy Blues ku kampani ya Okeh, chimbalecho n'kugulidwa ngati zitumbuwa. Makampani onse anadzidzimuka n'kuyamba kusakasaka oimba achikazi akuda. Zimbale zawo anazipatsa gulu lakelake lotchedwa race records, kutanthauza zimbale za mtundu wa akuda, zogulitsidwa padera ndi kulengezedwa m'nyuzipepala za akuda monga Chicago Defender. Alberta anayamba kujambula mu 1921 ku Black Swan, kampani ya munthu wakuda dzina lake Harry Pace, kenako mu 1922 anasamukira ku Paramount. Paramount imeneyi mwini wake inali kampani yopanga mipando ya ku Wisconsin, imene inalowa m'nyimbo pofuna kuti anthu ogula magalamafoni ake akhale ndi chomvera.

Kujambula kwa masiku amenewo kunali kwa thukuta. Magetsi anali asanalowe m'situdiyo, analowa mu 1925. Woimba ankaima pafupi ndi chinthu chonga fanulo yaikulu yotulukira pakhoma, ndipo mphamvu ya mawu ake yokha ndiyo inkagwedeza singano yolemba paphula. Wa lipenga ankamukankhira kumbuyo kwa chipinda kuti asamize anzake. Mbali imodzi ya chimbale inkatenga mphindi zitatu basi, ndiye nyimbo imene ku Dreamland inkatha kutalika mmene anthu afunira inkayenera kudulidwa kuti ikwane. Ukalakwitsa, phulalo latayika, muyambirenso.

M'chipinda choterocho, mu 1922, Alberta anajambula Downhearted Blues, nyimbo imene anapeka mothandizana ndi Lovie Austin, mayi wodziwa piyano ndi kulemba manoti. Ndi kudandaula kwa mkazi amene wakonda mwamuna wosamukonda, koma kumapeto kwake wodandaulayo amadzuka n'kulankhula ngati munthu amene dziko lili m'manja mwake. Chimbalecho chinayenda bwino. Mu Febuluwale 1923 mtsikana wa mawu amphamvu wa ku Chattanooga, Bessie Smith, anaijambulanso ku Columbia. Chinali chimbale chake choyamba kutuluka, ndipo m'miyezi 6 anagulitsa makope pafupifupi 780,000.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Pa chimbale pali ndalama za mitundu iwiri. Pali ya woimba, amene mawu ake akumveka, ndipo pali ya mwini nyimbo, amene anaipeka. Oimba akuda nthawi imeneyo ankangopatsidwa ndalama kamodzi tsiku lojambula, zathera pomwepo. Bessie Smith mwini ankalandira madola 125 pa nyimbo, kaya igulidwe kakhumi kaya kamiliyoni. Koma kwa mwini nyimbo lamulo linalipo: lamulo la umwini la 1909 linkati pa kope iliyonse mwini nyimbo alandire masenti 2. Makope 780,000 pa masenti 2 ndi madola 15,600, pamene malipiro a Alberta ku Dreamland anali madola 35 pa sabata. Ngakhale mutagawa ndalamayo pakati pa iye, Lovie Austin ndi kampani yosindikiza, mbali yake ikanakhala chuma. Chimene chinafika m'manja mwake chinali madola 368. J. Mayo Williams, amene ankayang'anira oimba akuda ku Paramount, anali atapangana ndi Columbia mwakabisira kuti ndalamazo zizidutsira kwa iye.

Kuberaku sikunkafuna mfuti. Kunkachitika ndi cholembera. Woimba ankasainitsidwa pepala lopereka umwini wa nyimbo yake posinthana ndi ndalama ya lero, ndipo munthu amene lendi ikumudikira sakana, paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nthawi zina dzina la bwana linkangowonjezedwa pa mndandanda wa opeka. Oimba athu amene amafunsa a COSOMA za ndalama za nyimbo zawo akufunsa funso lomwelo: nyimbo ikamalira, ndani akudya? Alberta ataona mmene zinthu zikuyendera anasiya kugwira ntchito ndi Williams. Anaphunziranso kuzemba. Kumapeto kwa 1924, akadali pa mgwirizano ndi Paramount, anakajambula ku Gennett ndi kagulu ka Red Onion Jazz Babies, mmene munali Louis Armstrong ndi Sidney Bechet, koma pa chimbalecho analembetsa dzina la m'bale wake, Josephine Beatty. Mu 1927 anajambulanso ndi Fats Waller akuliza limba la mapaipi, longa la m'tchalitchi.

Chaka chomwecho anakwera sitima yapamadzi kupita ku Ulaya, ndipo apa m'pamene anasiyanirana ndi anzake ambiri. Msika wa blues ya azimayi unagwa pamodzi ndi chuma cha America mu 1929. Paramount inasiya kujambula mu 1932, ndipo oimba amene dzulo lake ankatchedwa mafumukazi anabwerera kukachapa ndi kuphika m'nyumba za azungu. Alberta anali atadzikonzera njira ina. Mu 1928 anasewera ngati Queenie m'sewero la nyimbo la Show Boat ku Drury Lane, ku London, pambali pa Paul Robeson, woimba wakuda wotchuka wa ku America. Anaimba ku Paris ndi m'mizinda ina yambiri, anaphunzira Chifalansa, n'kumaimba m'zilankhulo zingapo. Mu 1934 anali ku hotela ya Dorchester ku London ndi bandi ya Jack Jackson, akuimba nyimbo zofewa zovinira azungu olemera. Mukamvera zimbale za chaka chimenecho simungakhulupirire kuti ndi mtsikana wa ku Dago Frank's uja. Ena amati pamenepo anataya blues. Ine sindikuona choncho. Ku Ulaya ankalowera khomo lakutsogolo, chinthu chimene kwawo ku Memphis sichikanatheka, ndipo ndalama zimene ankapeza ankasunga.

Za moyo wake wam'nyumba sankakonda kukamba. Anakwatiwa mu 1919 ndi Willard Townsend, koma banjalo linatha patangopita miyezi yochepa. Munthu amene anakhala naye zaka zambiri anali mayi mnzake, Lottie Tyler, ndipo nkhaniyi anaisunga kutali ndi anthu moyo wake wonse. Sankamwa mowa kapena kusuta, ngakhale ntchito yake yonse inali m'malo a mowa ndi utsi.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa m'bungwe la USO, losangalatsa asilikali a America. Anayenda ndi gulu lake mpaka ku India ndi ku Burma, dera lomwelo kumene asilikali a kwathu a King's African Rifles ankamenya nkhondo m'nkhalango. Mu 1945 anaimba pamaso pa mkulu wa asilikali Dwight Eisenhower ku Germany, ndipo nkhondo ya ku Korea itabuka anapitanso.

Atabwerako anapeza nyimbo zasintha. Achinyamata ankafuna zina, ntchito zinayamba kuchepa, ndipo iye anali akuyandikira zaka 60. Kenako mayi ake anamwalira. Mayi aja anali munthu amene Alberta ankamugwirira ntchito chiyambire ku Chicago, ndipo atapita, chilakolako choimba chinapita nawo. Anayamba kuthandiza odwala mongodzipereka pachipatala china ku Harlem. Ataona kuti ntchitoyo ikumukhala, anafuna kuiphunzira bwinobwino. Panali zopinga ziwiri: analibe satifiketi ya sekondale, ndipo anali wamkulu kwambiri. Satifiketiyo anaipeka, zakazo anachotsera. Mu 1957 anamaliza maphunziro n'kulembedwa ntchito ku Goldwater Memorial, pa kachilumba ka mumtsinje wa East River kamene lero kamatchedwa Roosevelt Island.

Goldwater sichinali chipatala cholowa lero n'kutuluka mawa. Chinali cha matenda a mgonagona: opuwala ndi poliyo, ofa ziwalo, okalamba opanda owasamalira. Unamwino wa Alberta unali wa pafupi ndi bedi, wosambitsa, kudyetsa, kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, kusintha zofunda usiku. Amene anadikirirapo matenda m'chipatala akudziwa kulemera kwa ntchito imeneyi pamsana ndi pamtima. Iye anaigwira kuyambira ali ndi zaka 62 mpaka 82. Zaka 20 zimenezi olemba ambiri amazidumpha ndi chiganizo chimodzi, ngati kuti woimbayo anali m'tulo kudikira kudzutsidwa. Zimandipweteka akamatero. Munthu sanamiza zaka zake kuti alowe ntchito imene sakuifuna, ndipo sadandaula pochotsedwa ntchito imene ankangopirira. Alberta anasankha unamwino monga anasankhira Chicago ndi London, maso ali otseguka.

Nthawi ina anatulukako. Mu 1961 wojambula nyimbo Chris Albertson anamunyengerera, ndipo anajambula zimbale ziwiri: china ndi anzake akale Victoria Spivey ndi Lucille Hegamin, china ku Chicago ndi Lovie Austin yemwe uja. Atamaliza anabwerera kuwodi.

Atapumitsidwa mu 1977 anasowa chochita ndi manja ake. Paphwando lina kunyumba kwa woimba Bobby Short anthu anamumva akuimba, ndipo mbiri inafika kwa Barney Josephson. Bambo ameneyu si wamba m'mbiri ya jazz: ndi iye amene mu 1938 anatsegula Café Society, kalabu ya ku New York imene inkalola akuda ndi azungu kukhala tebulo limodzi, kumene Billie Holiday anakulira dzina. Tsopano anali ndi malo odyera otchedwa The Cookery ku Greenwich Village. Anamulemba Alberta kwa masabata ochepa kuyambira mu Okutobala 1977. Mizere ya anthu inayamba kufika kunja, ndipo masabata aja anasanduka zaka.

Makanema a nthawi imeneyo alipo pa YouTube, ndipo ndikukupemphani muwaonere. Muona gogo wochepa thupi, tsitsi atalikokera kumbuyo n'kulimanga, ndolo zazikulu zozungulira zikulendewera. Sayendayenda. Waima pafupi ndi piyano ya Gerald Cook, akuliza zala, kenako akumenya pantchafu kusunga kugunda kwa nyimbo. Akafika pamzere wokuluwika, wa zija za akuluakulu, amatukula nsidze imodzi, n'kudikira kamphindi kuti omvera amvetse, holo yonse n'kugwa ndi phwete. Nyimbo yotsatira imakhala yauzimu kapena yachisoni, ndipo anthu omwe aja amangoti zii. Mawu ake anali atatsika, atakhuthala, osiyana kutali ndi kaliwu kopyapyala, konjenjemera ka pa zimbale za Paramount. Kunena zoona, Alberta wa zaka 82 amaimba bwino kuposa Alberta wa zaka 27. Mbali ina n'chifukwa cha makina, popeza fanulo ija inkameza theka la mawu a munthu. Mbali ina n'chakuti anali ataleka kuthamanga. Mzere uliwonse amaupatsa nthawi yake.

John Hammond, amene mu 1933 anayang'anira kujambula komaliza kwa Bessie Smith, anamutengera ku Columbia, kampani yomwe ija imene inalemera ndi nyimbo yake zaka 55 m'mbuyomo. Mu 1978 anapeka ndi kuimba nyimbo za filimu ya Remember My Name, ndipo anajambulanso Downhearted Blues m'dzina lake. Mu 1980 kunatuluka Amtrak Blues, chimbale chimene ndingauze munthu woyamba kumumvera kuti ayambire pamenepo, ndipo zina ziwiri zinatsatira. Anaimba ku White House pamaso pa Pulezidenti Jimmy Carter, anayenda ku Ulaya ndi ku Brazil, anaonekera pa TV kambirimbiri. Thupi litayamba kufooka ankaimba atakhala pampando, koma sanasiye mpaka miyezi yomalizira.

Anamwalira pa 17 Okutobala 1984 ali ndi zaka 89, m'nyumba yake pa Roosevelt Island, kamtunda kochepa kuchokera pa mawodi amene anagwiramo ntchito. Anaikidwa m'manda a Ferncliff ku Hartsdale, kumene kunagonanso Paul Robeson, mnzake wa pa siteji ya Drury Lane.